Sitima Imene Anaitaya pa Mchenga ku Beira

Nyanja yamchere sindinaionepo, koma sitima ija ndimaidziwa bwino. Anandifotokozera ndi amuna anga atabwerera kwathu ku Mlolo, m'zaka za Chitaganya.

Anachoka mwana wathu woyamba akukwawa, nayenda pansi kudzera ku Tete mpaka ku Beira. Kumeneko anawalemba ntchito yoponya malasha m'ng'anjo ya sitima yonyamula shuga ndi mchere. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala pansi pamenepo, pomwe dzuwa silifika. Ankati sitimayo inali yachikale ngakhale pamene ankayamba ntchitoyo. Inabwera kuchokera kwa azungu ili yoyera, yonyamula anthu olemera, kenaka anaitsitsa n'kumanyamula matumba. Itayamba kulowa madzi, eni ake anazula injini, belu, ngakhale zitseko, naikokera pamchenga kuti izitchinga mafunde asamagumule gombe.

"Ife anatiuza pomwepo kuti ntchito yatha," ankatero. "Ndinagona m'chigoba chake milungu iwiri ndikufunafuna ina. Dokotala wa padoko anangomvera pachifuwa panga n'kundilozera pakhomo."

Anafika kwathu ali ndi bulangete limodzi ndi chifuwa. Akatsokomola ankalavula zakuda. Mvula itagwa anatenga khasu n'kunditsatira kumunda, koma asanamalize mzere wachiwiri anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Kuyambira tsiku limenelo ankatsala pakhonde, akusenda mtedza ndi kuluka mikeka.

Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini amamuona ndi khasu. Mwini mbumba yathu anali atsibweni anga, achimwene awo a amayi, amenenso anali mkulu wa mpingo. Poyamba ankabwera kudzacheza, n'kumafunsa za sitima ija: kutalika kwake, dzimbiri lake, ana amene ankasewera m'kati mwake. Amuna anga ankasangalala kuti pali wina wowamvetsera.

Lamulungu lina atsibweni ndiwo analalikira. Anati pamaso pa Mulungu palibe munthu wachabe, pakuti anatigula tonse ndi mwazi wa Mwana wake. Mtima wanga unakhala pansi. Kenaka anati, "Koma ilipo sitima ina ku Beira. Inathera mphamvu zake zonse kutumikira dziko, lero yangokhala pamchenga, ikudyedwa ndi dzimbiri. Alipo ena pakati pathu otere."

Anthu anatembenuka. Ife akazi tinkakhala mbali ina, choncho ndinangowaona patali amuna anga atawerama, akuyesa kubisa chifuwa ndi dzanja. Pobwerera tinayenda limodzi mpaka tinawoloka dambo. Pamenepo anati, "Nkhani ija ndinawapatsa ndine."

Patapita masiku atatu atsibweni anandipeza kumunda.

"Mwana wanga, nkhokwe yako ndaiona. Munthuyu apite kwa abale ake, akamudwazike kumeneko."

"Atsibweni, si inu munati palibe munthu wachabe?"

"Pamaso pa Mulungu, inde. Koma kuno timadya za khasu."

Ndinakana. Dzinja lonse ndinalima ndekha, kupalira ndi kubandira, mwana wachiwiri ali m'mimba. Amayi analeka kutigawira ufa. Azichemwali anga akamapita kukasinja sankandiitananso. Pofika Febuluwale tinkadya kamodzi patsiku, ndipo ndinayamba kuwawerengera amuna anga mbamu iliyonse imene ankatapa. Iwo anaona maso anga.

M'mawa wina anapinda bulangete lawo. "Ndikaone alongo anga ku Pembamoyo," anatero. "Ndibwera chimanga chikacha."

Tonse tinkadziwa kuti ndi bodza. Ndikanatha kuwalanda bulangetelo. M'malo mwake ndinawakazingira mtedza wa panjira, n'kuwaperekeza mpaka pamphambano. Ankayenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima. Ine ndinabwerera asanakhote, chifukwa kumunda kunali udzu.

Uthenga unafika tikukolola, ndi munthu wa panjinga. Ndinafika ku Pembamoyo atawaika kale dzulo lake. Alamu anga sanandilalatire. Anangoti, "Ankafunsa ngati mwachira." Mwana wachiwiri uja anali ndi milungu itatu chibadwire, ndipo bambo ake sanamuone.

Lamulungu lotsatira atsibweni anapempherera ine ndi ana amasiye, mawu awo akunjenjemera. Anthu anati linali pemphero lokhudza mtima. Iwo anakhala mkulu wa mpingo mpaka imfa yawo, ndipo pamaliro pawo ndinaphika nawo.

Kutchalitchi sindinaleke. Ndimakhulupirira ndithu kuti Mulungu sayesa munthu ndi mizere imene walima, ndipo kuti amuna anga anawalandira monga analili, ndi chifuwa chawo chomwecho. Koma chikhulupiriro chimenechi sichinditonthoza monga amanenera ena. Chimandiimba mlandu. Zonsezi ndinkazidziwa kale tsiku lija ndinkakazinga mtedza. Zaka zambiri ndinkauza ana anga kuti bambo awo anawathamangitsa ndi atsibweni, ndipo iwo anakula akudana ndi munthu mmodzi yekhayo. Wamkulu ndinamuuza zoona ali kale ndi imvi. Anafunsa ngati ndingathe kumulozera pomwe pali manda. Sindinathe. Malowo analimapo fodya.