Injini Yanga M'galimoto ya Eni

Galimotoyo ndinaipeza m'chigafa cha fodya chaka chomwe ndinakalowa ukamwini kumapiri a ku Ntchisi. Amati kale inali yofiira, koma ine ndinaipeza ili mbuu ndi zitosi, poti nkhuku zimagona momwemo. Mipando iwiri yokha, denga palibe, yotsika moti ukakhalamo umayang'anizana ndi mbuzi. Mwini wake anali malemu amalume aakulu a mkazi wanga. Anaipatsidwa ndi mzungu wa pa esiteti pomwe ankagwira ntchito, ndipo inafika pamudzipo ikukokedwa ndi ng'ombe. Kainjini kake kanali katauma kalekale.

Ine ndine makanika wa pansi pa mtengo, kwathu ndi ku Madisi. Chuma changa chonse chinali pikapu imodzi ya matola. Thupi lake linali zigamba zokhazokha, koma injini, ha! Dizilo wamkulu, wosadziwa chitunda. Ndi imene inkatidyetsa, ine, mkazi wanga ndi kamtsikana kathu.

Chomwe ndinkafuna pamoyo wanga chinali chimodzi: chitengwa, kuti andilole kutenga mkazi ndi mwana tikakhale kwathu. Ukamwini unandikwana. Munda wa eni, nyumba pamalo a eni, ngakhale kutsokomola kochita kupempha. Woti alole anali amalume aang'ono a mkazi wanga, eni mbumba, ndipo ndikati ndipemphe ankangoti tiona chaka chamawa. Sanali munthu waukali ayi. Anali woseka nthawi zonse, nzimbe kumanja, ndipo mpaka lero ndikaona munthu woseka chotero ndimamulambalala.

Tsiku lina anandipeza m'chigafa ndikusuzumira pansi pa boneti. Panali anthu akusoka fodya.

"Akamwini, inu ndiye amisiri," anatero. "Mukaidzutsa imeneyi, mkazi wanu mudzamutengere momwemo kwanu, dziko lione."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke, chitsiru ine. Ndinawafunsa ngati akunenadi zoona, iwo nkuti, "Kodi ine ndimanama?"

Ndalama yogulira injini ina ndinalibe. Ndinayang'ana pikapu yanga, nkuti ndingoibwereka yakeyo. Tikafika ku Madisi ndidzabwezeramo, kagalimotoka eni adzatenge. Mkazi wanga atamva anasiya kupeta.

"Bambo a mwana, amalume mukuwadziwa bwino?"

Ndinamukalipira kuti za zitsulo azisiyire ine. Mawa lake ndinamanga tcheni panthambi ya mango nkutulutsa injini.

Ntchito yake inali yosautsa, musamve. Injini yayikulu m'kathupi ngati kameneko ili ngati phazi la mlimi mu nsapato ya mwana. Inakana kulowa, ndiye ndinadula chitsulo chotchinga pakati pa injini ndi miyendo ya woyendetsa. Italowa, boneti inakana kutsekeka, ndinaiboola pakati. Kutsogolo kunagwada ndi kulemera, ndinachotsa masipiling'i a pikapu nkuwafupikitsa. Pokhazikapo injini ndinadula zitsulo za ngolo yakutha, pansi pake nkuyalapo zidutswa za tayala. Magetsi pamudzipo kunalibe, choncho chilichonse chowotcherera ndinkachimangirira panjinga, kutsika nacho kumsika, kukwera nacho ndikukankha. Lediyeta ndinakaitola kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Mponela, yodontha, nkuimata ndekha.

Nthawi yonseyi amalume aja ankakhala pachitsa, nzimbe kukamwa. Ndisanadule paliponse ndinkawafunsa. "Dulani, dulani, odziwa ndinu," ankatero. Tsiku lolowetsa injini anachita kundigwirira tcheni ndi manja awo.

Matola anali ataima, ndiye tinayamba kudya za m'nkhokwe ya apongozi aakazi. Mayi amenewo sankandilankhula maso ndi maso, monga mwa mwambo, koma mawu awo ankadziwa njira. Ankaima kuseri kwa chigafa nkumafunsa nkhuku: "Kodi chinthu chikukonzedwacho chizigayanso chimanga?" Kamtsikana kanga kokha ndi komwe kanali mbali yanga. Kankakhala pampando wa woyendetsa nkumalira ngati galimoto, nkumati tikupita kwa agogo a ku Madisi.

Injini inalira mvula itatha. Mayo ine, phokoso lake! Nkhuku balalabalala, mbuzi kudula zingwe, utsi wakuda kudzaza chigafa. Ndinakweza mwana wanga nkukwera chitunda cha kusukulu chomwe malole a fodya amalephera. Kagalimotoko kanangouluka. Mwana akukuwa, mphepo m'maso, ine misozi. Sindinasangalalepo chotero chibadwire, ndipo sindibisa.

Mawa lake m'mawa anandiitana pansi pa mango omwe aja, tcheni chikadali lende panthambi. Panali abale a mkazi wanga, ankhoswe a mbali zonse, ndi amalume, nzimbe palibe. Ndinavala malaya abwino, poganiza kuti ndi nkhani ya chitengwa.

Amalume anayamba ndi kupukuta m'maso. Anati achimwene awo anamwalira osasiya kanthu koma galimoto imeneyi, ndipo mbumba yonse ikaiyang'ana inkawakumbukira. Tsono mlendo wabwera, waidula ngati dzungu, waiboola pamphumi, wathiramo zitsulo za ngolo.

"Si munandiuza ndinu kuti ndidule?" ndinakuwa. "Tcheni ichi munagwira ndinu!"

"Ine?" Anatembenukira anthu. "Alipo anamva?"

Anthu omwe aja ankasoka fodya tsiku lija anayamba kuyang'ana zala za kumapazi. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, yemwe sanagwireko ngakhale sipanala, anati iye zinkamuwawa kuyambira kale, koma ankaopa kulankhula. Galu wa munthu!

Chigamulo chinali chokonzakonza. Ndibwezere galimoto momwe inalili, chitsulo chilichonse pamalo pake, popanda chipsera cha moto. Ndikalephera, injini itsale ngati chindapusa. Ankadziwa bwino lomwe kuti chodulidwa sichimeranso. Nkhoswe yanga inandikoka malaya nkundinong'oneza kuti kwa eni kulibe mkuwe, ndingovomera. Ndinafunsabe za chitengwa. Apo mpomwe kuseka kwa amalume kunabwerera.

"Akamwini, munthu wodula za eni tingamupatse mwana wathu apite naye kutali? Nanga akakamudulanso?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Amalume anawonjezera kuti sakundithamangitsa, ndikhoza kukhala, makamaka poti galimoto izifuna woikonza.

Mkazi wanga ndinamupeza pakhonde akuswa mtedza. Ndinamuuza kuti anyamule mwana tizipita, za chilolezo tidzaziona kutsogolo. Sanadzutse nkomwe mutu.

"Ndinakufunsani ngati mukuwadziwa, munati ndisiye za zitsulo. Pano mukandidyetsa chiyani kwanuko, masipanala?"

Ndinayang'ana pikapu yanga. Inali pa njerwa, kukamwa yasaa, nkhuku zitasamukiramo kale. Ndinatenga thumba la masipanala ndi bulangeti, nkuyamba kutsika phiri wapansi. Mwana sindinamupeze, anati wapita kukasewera.

Nditayenda ndithu, dzuwa lili paliwombo, ndinamva kulira kumbuyo kwanga. Injini yanga ndikhoza kuizindikira ngakhale ndili m'bokosi. Ndinati kapena achita manyazi, akubwera kudzanditenga. Ndinaima pakati pa msewu.

Anali mlamu wanga, magalasi akuda kumaso, akukukuta magiya ngati akuphwanya chimanga chokazinga. Pambali pake, pampando womwe ndinasoka ndekha ndi chikopa cha mbuzi, panali mwana wanga, ataimirira, atagwira galasi, akuseka ndi mano onse. Hutala inalira. Liwiro silinatsike.

"Ababa, patukani!" anakuwa mwanayo. "Galimoto ya amalume ikudutsa!"

Ndinapatukira m'tsekera. Fumbi linandikuta, ndipo ali pakona ndinamvanso giya ikukukutika. Mukudziwa chomwe ndinachita, ine bambo wa mwana, wolandidwa zonse? Ndinathamangira mumsewu, thumba kumsana, nkukuwa ndi mawu anga onse kuti mlamuyo aponde kilatchi, aononga injini.