Dzanja la M'thumba la a Sajeni

Mu msewu umene amakhala aliyense amawadziwa kuti a Sajeni, ngakhale yunifolomu anaivula zaka zinayi zapitazo. Ndi bambo wamtali, wa imvi za m'mbali, woyenda ngati akadali pa perete, ndipo dzanja lawo lamanja silichoka m'thumba la jekete. Munthu ameneyu kukayikira ndiye chakudya chake. Mukawapatsa moni mwansangala, amayamba aganiza kaye chimene mukufuna. Wowerenga mita ya madzi akabwera, amamuperekeza mpaka pa mita, n'kumuperekezanso mpaka pageti. Akazi awo amati tsiku la ukwati, a Sajeni anawerenga satifiketi mbali zonse ziwiri asanasaine.

Sanabadwe choncho. Analowa usilikali ali mnyamata, ndipo zaka zambiri anali wosunga katundu kukambi: mabulangete, nsapato, matenti, mabokosi olemera. Tsiku lina chitseko cha kumbuyo kwa lole chinawagwera padzanja. Anadzimanga okha bandeji, osauza munthu. Zala zitatu, kuyambira chapakati mpaka chaching'ono, zinapola koma zinauma, osapindikanso. Chaka chomwecho anali ataona mnzawo akupita kwa dotolo wa kukambi kukadandaula za msana. Anamupatsa fomu, iye n'kulembapo zoona zokhazokha, ndipo pasanathe miyezi itatu anali kwawo, usilikali utatha. A Sajeni anatolapo phunziro limodzi: fomu ikafunsa za thupi lako, yankho ndi ayi.

Mwayi wawo unali wakuti sawatcha imafuna zala zowongoka. Akuluakulu ankawaloza kwa asilikali atsopano kuti aone mmene dzanja limaimira pachipumi. Cholembera anaphunzira kuchigwira ndi zala ziwiri zotsalazo. Anabisa choncho zaka khumi ndi zinayi, mpaka anapuma ndi ulemu wawo wonse.

Atapuma anapeza ntchito ya ulonda pa nyumba yosungiramo katundu ya kampani ina. Pamenepo m'pamene mtima unkawawa. Iwo n'kumatsekula geti, kwinaku akuona makalaliki akusanja mabokosi olemera pamwamba pa opepuka. Tsiku lina analephera kupirira, nalowa kukasanjanso okha. Bwana atawaona anati, "Ntchito ya woyang'anira katundu ilipo, a Sajeni, ndipo mukuidziwa kuposa tonsefe. Koma popanda satifiketi, sindingakulembeni."

Akazi awo ndi amene anamva za ofesi yothandiza asilikali opuma amene akufuna kuphunzira pa intaneti. Kumeneko amabwereketsa laputopu, amakulembetsa sukulu, n'kukupatsanso mlangizi wokuyendetsa mpaka utamaliza.

"Laputopu yongobwereka, sukulu yaulere," anatero a Sajeni. "Ndiye iwo apindulapo chiyani?"

"Pitani mukawafunse nokha, abambo. Ine ndatopa kumva za mabokosi patebulo pano."

Anapitadi, koma anayamba adutsa kawiri pakhomo la ofesiyo, kuona olowa ndi otuluka. Mlangizi anali mayi wa magalasi, wovala duku, wolankhula mofatsa. Kufatsako sikunawasangalatse a Sajeni. Mayiyo anawapatsa fomu, iwo n'kuyamba kudzaza, mpaka anafika pa funso la nambala naini: Kodi muli ndi chilema kapena vuto lina la m'thupi limene lingakuvutitseni pophunzira? Anachonga pa ayi, dzanja n'kubwerera m'thumba.

"Mwatsimikiza pamenepo, a Sajeni?" anafunsa mlangizi.

"Ndinatuluka ndili bwinobwino, mayi. Mapepala anga akunena."

Atafika kunyumba anauza akazi awo monyadira kuti msampha auona ndipo aulumpha.

Sukulu yokha inawakomera. Masiku opuma ankakhala patebulo la pabalaza, kamera ya laputopu ataimata pulasitala, akumvetsera mphunzitsi akufotokoza zinthu zimene iwo anazichita ndi manja kwa zaka makumi awiri. Nthawi zina ankamutsutsa mokweza ngati akuwamva. Vuto linadza pa mayeso. Mayesowo anali a maola awiri, mafunso asanu ndi atatu, kulemba pa kompyuta, kamera ili yotsekula. A Sajeni anabisa dzanja lamanja pansi pa tebulo, n'kumagogoda zilembo ndi chala chimodzi cha kumanzere, ngati nkhuku yotola chimanga. Atangomaliza funso lachinayi, nthawi inatha ndipo tsamba linadzitseka lokha. Ulendo wachiwiri anafika pa lachisanu. Lamulo la sukuluyo linali lakuti munthu amayesa katatu basi, akalephera dzina limafufutidwa.

Nthawi yonseyi mlangizi ankaimba foni Lachiwiri lililonse. Ankafunsa za maphunziro, kenako n'kumaliza ndi funso lomwelomwelo, ngati pali china chimene ofesi iyenera kudziwa. A Sajeni anagula kabuku, n'kumalembamo tsiku ndi nthawi imene mayiyo waimba. Kenako anasiya kuyankha.

"Mayi uja waimbanso," anatero akazi awo tsiku lina.

"Akufufuza ameneyo."

"Akufufuza chiyani? Usilikali munapuma kalekale. Akuchotsani pati, pa mpando wa pabalaza?"

"Iwe sudziwa mmene mafomu amagwirira ntchito. Akangodziwa, andichotsa sukulu."

"Sukulu mukudzichotsa nokha, abambo. Ine ndimakumverani chisoni mukamagogoda ndi chala chimodzi chija. Mayankho ali m'mutu mwanumo, ndimawamva tsiku ndi tsiku."

A Sajeni anali ndi mantha, ndipo mantha amenewo anawasandutsa mkwiyo, monga amachitira amuna ambiri. M'mawa mwake anakulunga laputopu m'thaulo, nanyamuka kukaibweza. Anaona kuti kuli bwino kuchoka okha kusiyana n'kuchotsedwa.

Mlangizi sanaikhudze n'komwe laputopuyo. Anatulutsa pepala m'kabati, naliika patebulo.

"Mphunzitsi wanu wandilembera. Akuti mafunso amene mumayankha, palibe wokuposani m'kalasi monse. Akufunsa chifukwa chake simumaliza."

"Makina anuwa ndi ochedwa."

"Mwina," anatero mayiyo. Anatulutsanso fomu ina yosalembapo, naloza nambala naini. "Funso ili silichotsa munthu, a Sajeni. Amene wachonga pa inde timamupemphera ola lina lapadera pa mayeso. Ntchito yake ndi imeneyo basi. Ndinafuna kukuuzani tsiku loyamba, koma munanditseka pakamwa ndi mapepala anu."

"Ndiye ndikachonga, dzina langa lipita kuti?"

"Kwa woyang'anira mayeso."

"Ndi kwina kuti?"

"Kulibe kwina."

"Onse amatero."

Mayiyo anakweza duku lake pang'ono mbali ya kumanzere. M'khutu munali kachipangizo kothandiza kumva.

"Inenso ndinali msilikali, wa mizinga," anatero. "Khutu ili ndinalibisa zaka zisanu ndi chimodzi, ndikumangoyang'ana milomo ya akuluakulu. Inu ndinakudziwani mmene munagwirira cholembera."

Wina aliyense akanagonja pomwepo, koma a Sajeni ayi. Anaganiza kuti kachipangizo koteroko aliyense akhoza kugula. Anamufunsa mayiyo gulu limene anali, chaka chimene analowa, ndi amene ankasunga katundu kukambi kwawo. Mayiyo anayankha zonse, mpaka kutchula msilikali wina wa mimba yaikulu amene ankakaniza anthu masokosi ngati ndi a bambo ake. Ameneyo a Sajeni ankamudziwa bwino, ndipo za masokosizo zinali zoona.

Kenako a Sajeni anatulutsa dzanja m'thumba, pang'onopang'ono, naliika patebulo. Zala zitatu zinali zowongoka ngati zikuchitira sawatcha thabwa. Kupatula akazi awo, palibe amene analionapo chonchi masana.

"Kuyambira liti?" anafunsa mlangizi.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu."

"Chinachitika n'chiyani?"

"Chitseko cha lole." Anachita manyazi kuti maso awo anyowa. Anakoka fomuyo, naiwerenga yonse, naitembenuza kuona ngati kuseri kulibe timalemba ting'onoting'ono. Kenako anachonga pa inde. Anapemphanso kuti awajambulire kope lawo, chifukwa munthu sungadziwe.

Tsiku la mayeso omaliza anadzitsekera pabalaza, akazi awo atakhala pakhonde. Anachotsa pulasitala pa kamera. Pakona ya tsamba wotchi inaonetsa maola atatu, ndipo iwo anaiyang'anitsitsa kaye kuti aone ngati sisintha maganizo. Anayamba kugogoda, chala cha kumanzere chikutsogolera, ziwiri za kumanja zikuthandizira, poti panalibenso chobisa. Funso lachinayi linadutsa, lachisanu, mpaka lachisanu ndi chitatu, lofunsa mmene mungasanjire katundu wolemera ndi wopepuka m'chipinda chimodzi. Pamenepo a Sajeni anaseka okha.

Atatsekula chitseko, akazi awo anaimirira.

"Mwamaliza onse?"

"Onse."

"Koma kugogoda munasiya kalekale. Mumatani muno nthawi yonseyi?"

"Panatsala mphindi khumi ndi zinayi," anatero a Sajeni. "Ola limeneli ndalidikira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mayi. Ndinati ndilikhale lonse."

Zotsatira sizinatuluke, ndipo iwo akuti akhulupirira akadzagwira satifiketi n'kuiwerenga mbali zonse ziwiri. Madzulo a tsiku lomwelo anapita ku ulonda monga mwa masiku onse. Akazi awo anawaperekeza ndi maso mpaka pakona ya msewu. Jekete anali ataikoleka paphewa, manja onse awiri akugwedezeka poyera.