Mpini Umene Sunadulidwe

Azakhali anga ankawadziwa anthu ndi mapazi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anakwecha pansi m'wodi ya amuna pachipatala, ndi m'khonde lalitali lopita kumeneko, ndipo ntchito yonseyo anaigwira chogwada. Dokotala akamabwera sankadzutsa mutu. Ankangoona nsapato n'kudziwa kuti uyu ndi wachifundo uja, uyu ndi wothamanga uja. Odwala ankawadziwa ndi mapatapata ndi zidendene. Anzawo a ntchito anawapatsa dzina loti Mayi Maondo, iwo n'kulivomera.

Nyengo nazonso ankazionera pa simenti. Mvula yoyamba ikagwa, m'mawa mwake pansi pa magetsi pankadzaza mapiko a ngumbi, opepuka, okana kusesedwa. Dzinja linkalowa ndi matope a anthu odzazonda odwala. Chilimwe chinkabwera ndi fumbi losalala lobisala m'miyendo ya mabedi. Nthawi yozizira simenti inkaluma, ndipo madzi a m'ndowa ankachita ngati ali ndi mano.

Ankayambira kumapeto kwa wodi n'kumabwerera chambuyo, chiguduli chopinda panayi pansi pa maondo, ndowa kumanzere, burashi kumanja. Akakwecha pomwe mkono wafika, ankapititsapo chikhatho.

"Diso limanama," ankatero, "chikhatho sichinama."

Amuna awo anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wopala matabwa. Aliyense ankangoti akalipentala, ngakhale azakhaliwo. Iwo ndi amene ankamva maondo a mkazi wawo akulira m'mawa uliwonse podzuka, ngati chitseko chosowa mafuta.

Chaka china, masamba atayamba kuyoyoka, akalipentala anafika kunyumba ndi chinthu paphewa. Unali mpini wautali wopalidwa bwino. Kumunsi kwake anakhomerako kathabwa mopendekeka, ndi tizitsulo tiwiri topana burashi uku ndi uku, ndi bawuti yomanga ndi zala. Burashi ikatha unkangomasula n'kuikapo ina.

"Ichi n'chiyani, akalipentala?"

"Maondo atsopano."

Azakhali anauimika pansi. Unawapitirira mutu ndi zikhatho ziwiri. Akalipentala anali atauyeza pa thupi lawo, kuiwala kuti mkazi wawo amawalekeza m'khwapa.

"Mwandipangira chokwechera kapena chogwetsera zipatso? Kapena mukufuna ndizikwecha denga?"

"Ndiudula, mayi. Taimani bwino ndilembe." Anachotsa pensulo kukhutu n'kulemba kamzere pa mpinipo, molingana ndi chibwano cha azakhali.

"Musavutike. Munthu woimirira sakwecha, amangosisita. Litsiro limafuna uliyang'ane m'maso. Inu dziwani za matabwa, za pansi mundisiyire."

Akalipentala anaseka pang'ono, anabweza pensulo kukhutu, nauimika mpiniwo kuseri kwa chitseko. Sanautchulenso.

Patapita zaka zitatu, kuzizira kutangoyamba, akalipentala anagwidwa ndi chifuwa chosamva mankhwala. Anawagoneka m'wodi yomwe ija, pa bedi la pa zenera lachitatu. Anthu anauza azakhali kuti apemphe tchuthi. Iwo anakana.

"Ndisiyirenji ntchito, poti wodwala wanga ali pantchito panga pomwe?"

M'mawa uliwonse akafika pa bedi limenelo ankasuntha mapatapata a amuna awo, n'kuyamba kuwauza za kunyumba uku akukwecha, nkhope ili pansi. Akalipentala ankamvetsera ali pamwamba. Azakhali akamati asunthire kumbuyo, mawu ankatsika:

"Mwakwecha bwino, mayi, koma pakonapo mwasiya."

"Tsikani mudzakweche nokha."

Zinkatero tsiku ndi tsiku, mpaka odwala oyandikana nawo anayamba kuziyembekezera.

Sabata yachitatu, tsiku lina madzi anachedwa kutuluka pampopi, ndipo azakhali anayamba ntchito dzuwa litakwera. Anafika pa zenera lachitatu ali pa liwiro. Anasuntha mapatapata. Anawauza amuna awo kuti nkhuku yaswa anapiye asanu, ndi kuti mwini mpando umene akalipentala ankapanga anabwera kudzafunsa ngati watha. Anakwecha, anapititsa chikhatho, anadikira pang'ono.

"Lero za pakona simunena?"

Zii.

"Gonani, aulesi inu."

Anakoka ndowa n'kupitiriza chambuyo. Atatsala pang'ono kufika pakhomo, nsapato zoyera za namwino zinawadutsa mothamanga, zikuponda ponyowa. Namwino ameneyo sankaponda ponyowa. Azakhali anadziwira pomwepo.

Atabwerera kuntchito maliro atatha, telala wina amene anagona bedi loyandikana ndi akalipentala, mwendo uli m'chikhakha, anawaitana.

"Mayi, ndikuuzeni kapena ndisakuuzeni?"

"Nenani, bambo."

"Tsiku lija sanali m'tulo ayi. Anali maso. Anatembenuza mutu kukuyang'anani, milomo ikuyenda. Mawu okha ndiwo sanatuluke. Ine ndinkayesa mukumvana monga mwa masiku onse."

Azakhali anathokoza telalayo, anagwada, napitiriza kukwecha.

Kuyambira pamenepo ankachedwa pa zenera lachitatu. Ankakwechapo mpaka simenti ya pamenepo inayera kuposa wodi yonse, ngati chipsera. Odwala ankasinthana pa bedilo, ena kupita kwawo ndi miyendo, ena kutuluka atafunditsidwa. Azakhali ankati akagwada pamenepo amamva maso pamsana pawo. Akadzutsa mutu amapeza nkhope yachilendo ili m'tulo.

Dzinja linabwera n'kupita. Kuzizira kutabweranso, maondo anatupa. Podzuka ankagwira khoma, kapena mwendo wa bedi, n'kuima kaye kuti magazi ayende. Wodi imene ankaimaliza dokotala asanafike inayamba kuwathera dokotala ali pakati pa odwala. Tsiku lina akapitawo, amene ankayang'anira okonza onse, anawaimitsa m'khonde.

"Mayi Maondo, ine sindikukuthamangitsani. Koma dokotala akamalowa pansi pazikhala pouma. Dzulo namwino anatsala pang'ono kugwa ndi thireyi yonse ya mankhwala. Mwezi uno ukatha zili chonchi, mukapume kunyumba."

"Kunyumbako kuli ndani, akapitawo?"

Akapitawo anayang'ana nsapato zawo. Koma mawu awo sanawabweze.

Ine ndinabwera kudzawaona sabata yomweyo, titamaliza kukolola kwathu. Ndinawapeza atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, nsalu yonyowa ili pa maondo. Ndinawauza zimene wachibale aliyense akanawauza, kuti agwira ntchito yokwana, abwere akakhale nafe.

"Iwe mwana wa mchimwene wanga, sukumva," anatero. "Akalipentala kumanda kuja kulibe. Mawu awo anatsalira pa zenera lachitatu. Ndikachoka ine, awamva ndani?"

Ndinalowa m'nyumba kuti ndisese. Nditakankha chitseko, chinthu chinagwa kuseri kwake. Unali mpini uja, uli ndi ukonde wa akangaude. Ndinatuluka nawo panja kuti ndiupukute, ndipo azakhali anauyang'ana nthawi yaitali.

"Tabwera nawo kuno."

Anautembenuza. Burashi imene inali m'tizitsulo tija inali itatha mpaka kuthabwa. Pa mpinipo panali malo awiri akuda, osalala, onyezimira, monga umachitira mpini wa khasu lakale. Ena anali chapakati, ena chakumtunda.

"Burashi imeneyi inali yatsopano," anatero azakhali. "Ndinaiona ndi maso angawa."

Mayi a nyumba yoyandikana ankayanika zovala pachingwe. Anasuzumira pakati pa malaya awiri.

"Aa, kodi simunkadziwa, anzanga? Inu mukangokhota pamsewu, ife tinkayamba kumva kwee, kwee, kwee. Tsiku lina ndinawafunsa, akalipentala, matabwa atha kodi? Iwo akuti, maondo aja akagwada kuntchito akwana, asadzagwadenso kuno. Anandiletsanso kukuuzani. Ati mukadziwa muyamba kupititsa chikhatho, n'kuwapeza olakwa."

Azakhali anasisita malo akuda aja. Kenaka analankhula ngati akuuza mpiniwo.

"Ine ndinkadzitama kuntchito kuti simenti ya nyumba yanga njabwino, siigwira litsiro. Chaka chino ndimadabwa kuti simenti yasintha bwanji."

Mayi aja anatola beseni lawo n'kulowa m'nyumba mwakachetechete.

Ndinapukuta fumbi n'kupeza kamzere ka pensulo kaja, kakuonekabe. Sowo ya akalipentala inali pa msomali wake. Ndinati ndiitenge, ndimalize zimene iwo anayamba. Koma malo akuda a kumtunda aja anali pamwamba pa mzerewo.

"Usadule."

"Ukuvutani, azakhali. Ndi wautali."

"Ndati usadule. Ukadula pamenepo wadula dzanja."

Anamasula bawuti okha, anachotsa burashi yakutha, naikapo yawo ya kuntchito. Inalowa bwinobwino, ngati inkadikira.

Lolemba anapita nawo paphewa. Ndinawaperekeza, ndipo ndinamva mmene anzawo anawalandirira.

"Taonani Mayi Maondo, abwera kudzapha njoka!"

"Ayi, akufuna azikwecha wodi ya akazi ali ku wodi ya amuna."

"Sekani," anatero azakhali. "Anu maondowo akubwera m'mbuyomu."

Tsiku loyamba zinavuta. Nsonga ya mpini inagunda babu, kenaka inakola nsalu ya pa zenera. Ndowa inagubuduka. Anamaliza mochedwa kuposa kale, ndipo akapitawo anangoyang'ana kumbali. Tsiku lachiwiri mapewa anawawa. Tsiku lachitatu anapeza njira yake. Dzanja lawo lakumtunda linkakhala pamene akalipentala ankaika dzanja lakumunsi, linalo n'kutsika pamtengo woyera. Malo akuda a kumtunda ankatsala opanda munthu, pamwamba pa mutu wawo. Anaphunzira kukankha ndi thupi lonse, osati ndi mkono, n'kumabwerera chambuyo phazi ndi phazi, monga kale, koma ali chiimire.

Chimene sanachiyembekezere ndi nkhope. Mabedi makumi awiri ndi anayi, lililonse lili ndi maso. Munthu wa zidendene zong'aluka, amene mwezi wonse ankamuyesa nkhalamba, anapezeka kuti ndi bambo wa ndevu zakuda bii. Wa mapatapata osiyana mitundu anali ndi diso limodzi. Wina ankalira mosatulutsa mawu, atayang'ana kudenga, ndipo azakhali anadzifunsa kuti ndi angati analira chonchi pamwamba pawo zaka zonse zija.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" ankatero odwala.

Iwo ankayankha mwamanyazi, ngati mlendo m'chipinda chimene anachidziwa moyo wawo wonse.

Mwezi unatsala ndi masiku awiri. Kunja kunali nkhungu yozizira, yofika mpaka m'mazenera. Azakhali anali asanamalizepo pa nthawi yake ngakhale kamodzi, koma tsiku lililonse ankayandikira. M'mawa umenewo anayamba bwino, manja akudziwa njira, ndipo anaona kuti lero zitheka, bola asaime paliponse.

Pa zenera lachitatu panagona mkulu wina wowonda, amene abale ake anabwera naye dzulo lake. Azakhali anasuntha nsapato zake ndi phazi, anakankha mpini kawiri, kenaka anaona. Mkuluyo anali atatembenuza mutu kuwayang'ana. Milomo yake inkayenda. Mawu sankatuluka.

Azakhali anaima. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Anayang'ana mabedi amene anatsala. Kenaka anatsamiritsa mpini pakhoma, anawerama, naika khutu pafupi ndi pakamwa pa mkuluyo.

"Nenani, bambo. Ndikumva."

Mpweya unatuluka kawiri wopanda kanthu. Kachitatu unabwera ndi liwu limodzi.

"Madzi."

Kapu inali pa kabati, patali ndi dzanja lake. Azakhali anamudzutsa mutu, anamumwetsa pang'onopang'ono, anamupukuta pachibwano ndi nsonga ya epuloni. Mkuluyo anatseka maso n'kuyamba kupuma bwino. Iwo anaima pomwepo kanthawi, kapu ili m'manja.

Mabedi otsalawo anawakwecha ngati munthu wothawa mvula. Ankati mpini unapepuka, ngati wina wagwira kumtunda. Atafika pakhomo, nsapato za dokotala zinali zitayamba kumveka kumapeto kwa khonde. Akapitawo analowa m'wodi, anayenda mpaka pakati, anawerama, napititsa chikhatho pansi monga ankachitira azakhali. Anachiyang'ana. Pafupi ndi khomo panali ponyowabe pang'ono, ndipo anaimapo iwo eni kuti dokotala alambalale.

"Mawa mubwere, Mayi Maondo," anatero. "Ndi mkuja yemwe."

Madzulo ake tinakhala pakhonde, dzuwa la nthawi yozizira likulowa msanga. Azakhali anali atatsuka burashi n'kuimika mpini kuti uume. Anandifotokozera za mkulu uja.

"Mwina akalipentala ankangofuna madzi," anatero.

Anayang'ana mpini uja.

"Kapena ankati pakonapo ndasiya."

Anaseka, koma kusekako kunathera panjira.

Anagwira ntchito zaka zina zisanu ndi chimodzi. Dzina la Mayi Maondo silinachoke, ngakhale atsopano sankadziwa chiyambi chake. Mabawuti anasintha kawiri, maburashi osawerengeka, koma sowo siinaukhudze mpiniwo. Pa bedi lililonse ankayamba ayang'ana nkhope, kenaka pansi. Odwala a kumapeto kwa wodi ankati m'mawa, kuwala kukamalowa chopendekeka, ukawaona akubwerera chambuyo, nsonga yakuda ija ikuyenda pamwamba pa mutu wawo, umachita ngati pali wina wamtali amene akukwecha nawo.

Azakhali akamva zimenezi sankavomera, sankakananso. Koma pa zenera lachitatu, pakona, ankakwechapo kawiri, n'kuima pang'ono, mutu atapendeketsa, asanakoke ndowa.