Amuna Amene Anatitsekera Msewu wa ku Madani

Mwana wa achemwali anga kuno ku Hamilton anabwera ndi ntchito ya kusukulu yokhudza zazikulu zimene zinachitika padziko mu 2023. Anatchula chivomezi cha ku Turkey, namondwe wa Freddy ndi nkhondo ya ku Gaza. Ya ku Sudan anaiiwala. Sindinamudzudzule. Ine ndemwe amene ndinaliko sindiimvetsa mpaka lero.

Linali Loweruka, m'mwezi wa Ramadani. Ndinkachapa kuseri kwa hositelo ku Khartoum, kumene ndinkaphunzira unamwino. Mnzanga Mariamu, wa ku Machinga, ankandithirira madzi. Tinamva kuphulika. Ine ndinati ndi tayala la lole. Kenako ndege inadutsa m'munsi, madzi a m'beseni n'kunjenjemera.

Sitinkadziwa kuti akumenyana ndani ndi ndani. Onse anali asilikali, ndipo onse ankasala kudya ngati ife. Amayi anandiimbira ali kusukulu kumene ankagona chigwereni nyumba yathu ndi Freddy. Ndinawauza kuti ndili bwino. Iwonso anati ali bwino.

Madzi atatha m'mipopi, ine ndi Mariamu tinakwera basi ya ku mzinda wa Madani. Panjira asilikali ankatiimitsa n'kutsitsa anthu. Ena ankabwerera m'basi, ena ayi. Mariamu anandigwira dzanja mpaka zikhadabo zake zinandilowa.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, amuna ovala mikanjo yoyera anaima pakati pa msewu. Anatambasula nsalu ya kumutu ngati chingwe. Ankakuwa, uku akumenya basi ndi manja. Dalaivala anaima. Chitseko chitangotseguka, Mariamu analumpha n'kuliyatsa liwiro cha ku ngalande za m'minda.

Amunawo analibe mfuti. M'mbali mwa msewu anali atayala mikeka, ndipo panali mbale za nyemba, tizipatso totsekemera ta tende ndi chakumwa chofiira. Ndi mwambo wawo: nthawi yomasula kusala ikakwana, wapaulendo sadutsa mudzi asanadye. Ife ana a m'hositelo panalibe amene anatiuzapo.

Ndinaima ndi tende m'manja, osadziwa kuti ndidye kapena ndilire. Anthu a m'basi atadya, dalaivala anati sangadikire Mariamu. Ndinatsitsa zikwama zathu, basi n'kunyamuka.

Amunawo anali asanalawe kanthu chiyambire m'bandakucha, koma anasiya mbale zawo n'kulowa m'minda kukamufuna. Mariamu atawaona akubwera, anabisala kwambiri. Iwo akakuwa, iye ankakwawira patali. Mayi wina, dzina lake Nafisa, ndi amene anazindikira vuto. Anawabweza amuna onse, ine n'kundikweza pa ngolo ya bulu, n'kundiloza pakamwa kuti ndimuitane m'chinenero chathu.

"Iwe Mariamu, tuluka! Anthuwa akufuna tidye!"

Kenako mutu wamatope unasuzumira m'ngalande.

"Tidye?"

Nafisa anamusambitsa ngati khanda, n'kumuveka chovala cha mwana wake. Kenako mayiyo anamugwirira kapu kuti amwe. Kutacha, amuna omwe aja anaimanso pamsewu n'kutiimitsira lole. Tinafika ku Madani, kenako m'malire a Ethiopia, kenako kwathu.

Mariamu ali moyo. Ndi namwino ku Liwonde, ndipo ali ndi mwana wamkazi. Mu Disembala chaka chomwecho, nkhondo inafika m'midzi ya m'mbali mwa msewu uja. Nambala ya foni imene Nafisa anandipatsa ndimaiimbabe ndikaweruka kuntchito. Sikulowa.