Phazi la alamu anga linakumbuka lole

Lachiwiri ndinapita kuchipatala kukaona alamu anga, a Kalisito, amuna a mlongo wanga Rozina. A ku Balaka kuno mukuwadziwa. Ndi aja ankayendetsa lole yobiriwira yonyamula thonje, imene ikamachokera ku Utale nkhuku zinkayamba kuthawa isanaoneke n'komwe.

Ndinawapeza atagona chagada, mwendo wakumanja atawumanga nsalu kuyambira m'bondo mpaka kuphazi. Za fungo sindilemba, ena mumawerenga nyuzipepala ino mukudya. Rozina anali pansi pambali pa bedi, akuingitsa ntchentche ndi mpango. Anandinong'oneza kuti adokotala anena kuti mwendowo ukapanda kuphwa sabata ino, audula. Nyumba imene amagonamo ndi ana awo ndi ya kuntchito, ndipo ntchitoyo ndi ya mwendo umenewo.

"Alamu, mwabwera kudzandiseka?" anatero a Kalisito.

"Iyayi, ndabwera kudzakuonani."

"Sekani. Paja munanena."

Sindinaseke. Kunena ndinanenadi, koma ndikanakonda ndikananama.

Nkhani yake ili apa. Bwana wawo wogula thonje anaona kuti kutumiza lole yathunthu kumisika kukangopereka uthenga kwa makalaliki n'kutaya mafuta. Anagula njinga yamoto, mthuthuthu uja, n'kuipereka kwa dalaivala amene ankamukhulupirira kuposa onse. Unali ulemu, ndipo alamu anga anaulandira ndi manja awiri.

Anapita ku boma kuti laisensi yawo ya galimoto ailembenso za njinga yamoto. Mzungu woyesa anthu anaitembenuza laisensiyo uku ndi uku, n'kufunsa kuti lole anayamba liti kuyendetsa. "Nkhondo isanathe, bwana." Basi anawauza kuti azungulire mtengo wa mbendera. Anazungulira pang'onopang'ono, mapazi akukhwekhwereza pansi, chidindo n'kugwa. Akuti tiyi wa bwanayo sanazizire n'komwe.

Abambo wansembe a kumishoni kwathu, amene akhala akuyenda pa mthuthuthu m'midzi muno kuyambira kalekale, atamva anawatumira mawu. Anati abwere pabwalo la mpira madzulo aliwonse kwa kanthawi, awaphunzitse kuima. Mumve bwino pamenepo. Sanati kuyenda, anati kuima.

Alamu anga sanapite. Nditakumana nawo pa siteshoni ya sitima, pamene ndimagwira ntchito, ndinawachonderera, iwo n'kundiyankha anthu akumva:

"Alamu, ine ndatsitsa lole yodzaza pa chitunda cha Kasupe mvula ikugwa, mabuleki akununkha. Lero ndikazungulire pabwalo la mpira, ana asukulu akundiwombera m'manja ndikagwa? Kanthu koti ndikhoza kukanyamula n'kukaponya kumbuyo kwa lole? Inu palasani njinga yanu yakapalasa, za injini tisiyireni."

Onse anali pamenepo anafa nacho chiseko. Ine ndinasanduka wamantha wa pa siteshoni.

Zimene zinachitika pa msewu wa ku Utale anandifotokozera okha, ali pabedi paja.

"Ndinaona ngolo patali," anatero. "Inkatuluka m'munda, ng'ombe ziwiri pagoli, pamchenga paja mukangowoloka mtsinje wouma. Ndinaliza hutala. Alamu, pa lole ukaliza hutala msewu umatseguka wokha. Koma aka kanangoti pii, ngati mwanapiye. Ng'ombe sizinacheuke."

"Ndiye simunamange buleki?"

"Ndinaponda! Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse. Phazi lakumanja."

Amene simunakwerepo zinthu zimenezi ndikuuzeni. Pa lole, buleki imakhala pansi pa phazi lakumanja. Pa njinga zamoto zimene zikubwera kuno kuchokera ku Mangalande, phazi lakumanja ndi losinthira giya. Buleki ili kumanzere, ina kudzanja. Alamu anga ankazidziwa zimenezi, mukanawafunsa akanakulozerani chilichonse. Koma ankadziwa ndi mutu. Phazi linali lidakali mu lole, mmene lakhala zaka zonsezi, ndipo ngozi ikafika phazi silidikira kufunsa mutu. Anaponda giya, njinga inadumpha, mwendo n'kupanikizika pakati pa injini ndi gudumu lachitsulo la ngolo. Kuchipatala anawanyamula pa ngolo yomweyo.

Odzazonda matenda akhala akuwatonthoza kuti tsoka silinunkha. Pepani, ili linanunkha. Linanunkha ku boma, linanunkha pa siteshoni, ndipo wansembe analimva ali kumishoni.

Ife tili ndi kaganizidwe kakuti wadziwa chachikulu wadziwiratu chaching'ono. Wogwetsa mtengo wa mbawa angalephere bwanji kusema mpini? Ndiye dalaivala wa lole tikamuona pa njinga yamoto timati watsika, akungosewera. Koma taganizani. Munthu wochokera pa njinga yakapalasa amauopa mthuthuthu, amaunyengerera, chilichonse amachiphunzira chatsopano. Dalaivala ali ndi katundu woti ayambe watula. Anazolowera kuti chitsulo chamuzungulira mbali zonse. Anazolowera kuyenda pakati pa msewu, anthu ndi mbuzi akumupatukira. Anazolowera kuti mchenga umangochedwetsa, sugwetsa. Zonsezi ayenera kuziiwala, ndipo munthu saiwala zimene zamudyetsa theka la moyo wake pongozungulira mbendera.

Nanga pa mbendera paja pali ng'ombe? Pali mchenga? Pali mwana wodutsa mothamanga? Bwanji woyesayo osamuuza munthu kuti athamange ndithu, kenako n'kugwetsa chipewa kuti aime pomwepo? Phazi likanaulula tsiku lomwelo, pabwalo pa boma, palibe gudumu la ngolo. Bwanji osalamula kuti dalaivala aliyense, kaya watchuka chotani, ayambe wayenda ndi wodziwa njinga yamoto chidindo chisanagwe?

Ndikufunsa chabe. Ndikudziwa kumene mafunso a munthu ngati ine amathera. Tsamba lino mawa likhala litapichiridwa fodya, ndipo amene amadinda malaisensi sawerenga Chinyanja.

Koma tisangoloza ku boma. Ngakhale lamulo likanakhalapo, manyazi athu tikanawaika kuti? Mwamuna wandevu kuno salola kuoneka akuphunzira. Kuphunzira tinakusiyira ana ndi akatekumeni odikira ubatizo. Munthu amalolera kukagwa kuthengo, kumene kulibe womuona, kusiyana n'kugwa pa udzu wa pabwalo la mpira ana akuseka. Ndipo ife oonerera ndi amene timamukankha. Tsiku lija pa siteshoni, pakanapezeka mmodzi yekha wonena kuti "pitani, akulu, palibe chochititsa manyazi," mwina akanapita. Koma chiseko chinakoma. Safunsa anadya phula, timatero, koma wofunsayo ndife oyamba kumuseka.

Mukuganiza kuti ena atengerapo phunziro? Njinga ija aiwongola kale. Lachinayi inaima pa siteshoni, atakwera Che Saidi a kwa Kawinga, dalaivala wa lole yachiwiri ya bwana yemweyo, laisensi yodindidwa kumene ili m'thumba la malaya. Ndinawagwira dzanja, ndinawauza za phazi lakumanja, za ngolo, za fungo la m'chipatala. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Pangali kandu, achimwene, palibe vuto," anatero. "A Kalisito anali ndi phuma. Ine ndimayendetsa mofatsa."

Anailiza, inazima. Anailizanso, n'kunyamuka mokhotakhota kulowera kumsika. Sindinathe kugwira ntchito bwino tsiku lonse. Njinga zimenezi zikuchuluka. Mabwana aona kuti zimamwa mafuta ochepa, ndipo aliyense akusankha dalaivala wake wodalirika. Amene tikuwatumiza kukathyoka ndi akatswiri athu enieni.

Dzulo Rozina anabwera kuntchito kwanga. Sanalowe, anaima pakhomo mpango uli kukamwa.

"Achimwene, akuti wawola. Adula pansi pa bondo."

Tinapita limodzi. Alamu anga ankayang'ana kudenga. Munthu amene ankadzaza siteshoni yonse ndi mawu ake anachita kundikodola kuti ndiwerame.

"Alamu, inu mumadziwa kuyankhula ndi a m'maofesi. Mukandifunsire ku boma. Munthu wa mwendo umodzi, akaikidwa wamtengo, lole amamulola?"

Ndinati ndikafunsa. Ndikanati chiyani, Rozina akundiyang'ana?

Ndipita ndithu, koma ndikudziwa kale mmene zikayendere. Ulendo uno sakafulumira. Akawatuma kwa dokotala, akawakweza mu lole, akawauza kuti aponde buleki, apondenso, aime pachitunda, abwerere chammbuyo. Akawayesa mosamala kwambiri, monga munthu ayenera kuyesedwa, kenako akawauza kuti sizingatheke chifukwa akhoza kuvulaza anthu.

Chisamaliro chonsechi chinali kuti pamene munthuyu anali ndi miyendo iwiri?