Zenera Lokhota la Yamna

Inu amene mwagwira tsaya n'kumati zanu zatha, imvani za Yamna. Ine ndimagulitsa misomali ndi masikuluu mumsika wa zitsulo ku Inezgane, ndipo zambiri mwa izi ndinaziona ndi maso angawa.

Chivomerezi chachikulu chitagwedeza mapiri a kwawo, Yamna ndi mwamuna wake Mbarek anatsala ndi zovala za m'thupi, zibangili ziwiri zasiliva zimene Yamna anasiyiridwa ndi mayi ake, ndi galimoto yakale yonyamulira mipando, yopanda mazenera kumbuyo. Nyumba inagwa. Shopu ya ukalipentala inagwanso. Mbarek anamufukula patatha tsiku ndi theka, denga litamupsinja manja ndi miyendo.

Anatuluka wamoyo, koma zala za manja onse awiri zinauma, ndipo impso zinasiya ntchito. Dokotala sanabise mawu. Anati azikagona pa makina osefa magazi ku Agadir katatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndipo akadzadumpha kangapo, basi mukumbe manda.

Kwawo kumapiri ndi ulendo wa maola asanu pamsewu wogumuka. Choncho anakakhala kwa Bihi, mkulu wake wa Mbarek amene amakhala kufupi ndi Agadir, m'kachipinda kosungiramo katundu. Anakhalamo miyezi inayi akuyenda monyang'ama ngati akuba.

"Mlamu," anatero Bihi tsiku lina akuthira tiyi, maso ali pa tambula, "mwana wanga akukwatira pakatha masabata asanu. Mkazi wakeyo agona kuti? Padenga?"

"Nanga ife tigona kuti, alamu?" anafunsa Yamna.

"Kumudzi anagawa matenti. Anzanu akukhala momwemo."

"Kumatentiko kuli makina a magazi?"

Bihi anangoti Mulungu ndi wamkulu. Ine anthu amene amatchula Mulungu pofuna kukutsekera chitseko amandinyansa kwabasi.

Za lendi musafunse, panalibe poyambira. Koma popita kuchipatala Yamna ankaona magalimoto a azungu amene amabwera nyengo yozizira kudzaothera dzuwa kunyanja, m'kati muli bedi, kabati ndi pophikira. Tsiku lina anaima n'kuyang'anitsitsa imodzi.

"Awa amagona m'galimoto chifukwa chokhuta," anauza mwamuna wake. "Ife tigona m'galimoto yathu chifukwa cha mavuto. Tikaikonza m'kati n'kukaiimika pafupi ndi chipatala, simudzadumpha tsiku."

Mbarek anakweza manja ake opinimbirawo. "Ndi manja ati?"

"Ndi angawa."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ukwati, Yamna ankangokwecha matabwa ndi kupaka vanishi. Makina sankaloledwa ngakhale kuwapukuta fumbi. Komabe anagulitsa chibangili chimodzi, ndipo awiriwo anabwera kumsika kwathu kudzagula chida.

Moyang'anizana ndi benchi yanga pamakhala Hmad, wogulitsa zida zakale zimene anthu athu ogwira ntchito kunja amabwera nazo patchuthi. Atangoona Mbarek anadzuka manja ali m'mwamba.

"Maalem! Mmisiri wa amisiri! Khalani pansi, khalani pansi. Tiyi abwere!"

Munthu amene kwa miyezi inayi ankangotchedwa wodwala, tsiku limenelo anatchedwanso maalem, dzina laulemu limene timaitanira mmisiri wamkulu. Ndinaona nkhope yake ikuwala, ndipo ndinamva chisoni. Anamwa matambula awiri, kenako analoza ndi chibwano sowo yaikulu yamagetsi, ya mpeni wozungulira.

Yamna anainyamula, dzanja linapindika. "Ikundilemera, bambo."

"Chida chenicheni chimalemera, mkazi iwe. Tina timeneto n'tidole."

"Bwanji tiyiyatse kaye?"

Mbarek anamuyang'ana ndi diso lofiira. Kuno munthu akakutcha maalem pagulu, n'kukumwetsa tiyi wake, sunganene kuti yatsa ndione. Kumeneko n'kumutcha wakuba. Analipira osayesa.

Galimoto inali itaima kuseri kwa msika. Anakoka waya kuchokera kwa ometa tsitsi, Yamna anagwira sowo ndi manja awiri n'kudina. Inalira mokweza modabwitsa, inanunkha, inatulutsa utsi wakuda, n'kukhala chete. Thabwa silinadulidwe ngakhale chala chimodzi.

Anandiitana. Ndinaitembenuza, n'kupala penti pa kachitsulo ka manambala. Panalembedwa 110. Zida zoterezi zimachokera kumalo omanga nyumba ku Mangalande, ndipo zimabwera ndi pulagi yachikasu yochenjeza kuti sizifuna magetsi amphamvu. Wina anadula pulagiyo n'kuikapo yathu. Magetsi athu ndi a 220.

Atabwerera nayo, Hmad anatambasula manja. "Inachoka pano ili moyo. Mwapatsa mkazi chida cha amuna, mumati chichitike n'chiyani?"

Mbarek anatembenuka n'kubwerera. Anakhala pakhomo la galimoto, miyendo yotupa ili lende.

"Ndibwezere kumapiri ndikafere kwathu," anatero. "Chibangili chinacho usunge, udzagulire nsanda."

Yamna anazungulira kuseri kwa galimoto n'kulira mpaka mawu anatha. Ine ndinaima potero ngati chitsiru, sowo yakupsa ili m'manja. Ndinali nditamuona Hmad akusintha mapulagi kangapo m'mbuyomo, koma ndinkati si nkhani yanga. Manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

M'mawa mwake Yamna anabwera yekha, chibangili chachiwiri atagulitsa kale. M'thumba anali ndi chidutswa cha thabwa ndi kachidutswa ka lata. Anayamba wafika kwa ine.

"Achimwene, zilembo sindidziwa, koma manambala ndimawadziwa. Ndionetseni pamene mumayang'ana paja."

Ndinamuonetsa. Anadutsa benchi ya Hmad osacheuka n'kupita kwa wogulitsa wina, mkulu wa ndevu zoyera dzina lake Lahoucine. Iyenso anaitanitsa tiyi.

"Zikomo, bambo," anatero Yamna. "Tiyi ndimwa tikamaliza."

Msika wonse unatembenuka. Mayiyo anayamba kuyesa zida chimodzichimodzi. Chilichonse ankachitembenuza kuti aone nambala, ankachiyatsa, ankachidyetsa thabwa ndi lata, n'kuchinunkhiza. Kenako ankachikweza pamwamba pa mutu n'kuwerenga mpaka handiredi, poti ankadziwa kuti ntchito yambiri idzakhala ya kudenga la galimoto. Dzanja likanjenjemera asanafike, ankachiika pansi.

"Lalla, mayi wolemekezeka," anakuwa munthu wina wogulitsa matayala, "mukugula chida kapena mukusankha nkhosa ya Idi? Muyang'anenso mano!"

Amuna anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Nkhosa ikakhala yowonda timadyabe," anayankha Yamna osakweza mutu. "Ichi chikapsa, ine ndiika maliro."

Kuseka kunathera pomwepo.

Lahoucine anamupatsa makina odulira zitsulo aja olavula moto. Yamna anakana, anati moto wake ungagwire matabwa ndi masiponji m'kati. Anamupatsa sowo ina yozungulira, yabwinobwino. Anakananso, anati matabwa aataliwo akamudulira komwe akagule. Zida zonse za waya anazikankhira pambali.

"Kumene ndikukaima kulibe khoma, bambo. Waya ndikaulumikiza kumwamba?"

Anatenga zinthu ziwiri zokha: choboolera chaching'ono cha batire, chomwe chimamanganso masikuluu, ndi kasowo ka mpeni wopyapyala wokwera ndi kutsika, kodula thabwa ndi lata lomwe. Anaonetsetsa kuti batire la chimodzi likulowa pa chinzake, n'kugula batire lina lapadera. Atatha zonse anakhala pansi n'kumwa tiyi uja, atazizira kale.

Mabatire ankatchajira pa benchi yanga. Chinali chochepa chimene ndikanachita.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zinayenda. Sabata yoyamba anathyola timipeni tisanu ta kasowo. Manja anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Tsiku lina choboolera chinapitirira n'kuboola khoma la galimoto, kuwala kwa dzuwa n'kulowa pa kabowoko. Anaphunzira kukulunga tepi pa msomali woboolera kuti adziwe polekezera. Masiku atatu pa sabata ntchito inkaima, iye ali pa benchi ya kuchipatala, utuchi uli mumpango.

Mbarek ankabwera naye kuntchitoko, koma ankangokhala pamthunzi osalankhula. Anali atadziika kale m'manda. Masiku khumi anatha choncho. Tsiku lina anamva kasowo kakubuula m'thabwa, Yamna akukakankha ndi mphamvu zonse.

"Usakakankhe!" anakuwa. "Ukupha mpeni! Kaleke kadye kokha!"

Yamna anamasula dzanja, kasowo kanayenda myaa. Sanacheuke, kuti mwamuna wake asaone kuti akumwetulira. Kuyambira tsiku limenelo Mbarek anasendeza mpando wake pafupi. Ankapanikiza tepi yoyezera ndi chigongono, akulalata kuyambira m'mawa mpaka Swala, pemphero la madzulo. Kulalata kumeneko kunali kukoma kuposa nyimbo.

Pansi panayalidwa matabwa. Makoma anakutidwa. Bedi linapangidwa lalitali bwino kuti wodwala azidzuka osagwada. Chinatsala ndi zenera, ndipo kunatsala masiku anayi kuti ukwati uja uchitike. Munthu wodwala sangagone m'bokosi lachitsulo lopanda mpweya, koma khoma la galimoto ukalidula molakwa, sungalibwezere.

Yamna anajambula mzere, anaboola mabowo anayi m'makona, n'kulowetsa mpeni. Anaima. Anacheukira mwamuna wake.

"Bambo, ndikalakwitsa?"

"Ukalakwitsa tigona ndi mphepo. Dula."

Anati Bismillah, m'dzina la Mulungu, n'kudula. Chitsulo chinalira msika wonse n'kumva. Chidutswa chitagwa pansi, tonse tinaona kuti bowolo lakhota, mbali ina yatsika ndi zala ziwiri. Galasi linalowa movutikira, mipata anaitseka ndi labala. Koma mpweya unalowa.

Anasamuka kwa Bihi kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, akudutsana pakhomo ndi anthu onyamula matiresi a mkwatibwi. Palibe anawaperekeza. Galimoto ndinaiyendetsa ndine, n'kukaimika pabwalo lina la magalimoto, mtunda woyenda pansi mphindi khumi kukafika kuchipatala.

M'mawa uliwonse Mbarek ankadzuka, kuyang'ana zenera lija n'kupukusa mutu. "Zaka makumi atatu za umisiri, n'kudzagona pansi pa zenera lokhota."

"Likukupatsani mpweya wokhota?" ankatero Yamna akumupatsa buledi ndi mafuta a olivi.

Patapita miyezi, msodzi wina amene ankaimika galimoto pabwalo lomwelo anasuzumira m'kati n'kuona bedi ndi makabati. Anapita kwa Mbarek mwaulemu.

"Maalem, yanganso mungandipangire chonchi?"

Mbarek anayang'ana bedi ndi makabati aja. Kenako analoza mkazi wake ndi dzanja lopinimbira lija.

"Funsani maalem uyo. Ine ndimangogwira tepi."

Yamna anandiuza kuti mawu amenewo anamulipira zibangili zonse ziwiri. Msodziyo anabweretsa mnzake, mnzakeyo anabweretsa azungu awiri, ntchito n'kuyamba kubwera yokha.

Ndikanakonda kukuuzani kuti Mbarek anachira. Sanachire. Impso sizimera ngati udzu. Anamwalira m'mawa wina wozizira, pa bedi limene mkazi wake anapanga, nkhope italoza ku zenera lija. Koma munthu amene akanafera mutenti pasanathe mwezi anakhala zaka ziwiri ndi miyezi iwiri. Anapita ku makina a magazi maulendo oposa mazana atatu, ndipo sanadumphe ngakhale tsiku limodzi.

Lero Yamna ali ndi shedi yake kuseri kwa msika wathu, ndipo amagwira ntchito ndi amayi awiri amasiye ochokera kumapiri komwe kuja. Sowo yakupsa ija anaipachika pakhomo. Aliyense wobwera kudzafunsa kuti agule chida chiti amayamba wamunyamulitsa imeneyo, kenako amamuuza kuti atembenuze aone nambala, ayatse yekha, akweze pamwamba pa mutu, ndipo tiyi amwe pomaliza.

Mazenera amene amadula masiku ano amawongoka ngati ojambula ndi lula. Iye amagonabe m'galimoto yakale ija. Ndinamufunsa tsiku lina chifukwa chake sakonza zenera lake, poti ndi ntchito ya theka la tsiku.

"Likawongoka," anatero, "ndidzamva ndani akudandaula m'mawa?"

Inu amene chida chanu choyamba chapsera m'manja, amene mwanamizidwa ndi munthu wokumwetsani tiyi, amene abale akuuzani tsiku lochoka, lirani ndithu, Yamna analiranso. Koma kukacha dzukani, mukasankhe chimene dzanja lanu lingathe kunyamula, ndipo mudule ngakhale manja akunjenjemera. Mwina lanu lidzakhotanso ndi zala ziwiri, koma wina adzapumirapo. Osataya mtima.