Ndinatenga ufa, mtengo wake ndinausiya kuphiri

Inu owerenga, changu changa chinanditayitsa chinthu chimene mpaka lero mtima ukuchifunabe.

Kwathu ndi ku Ruarwe, m'mbali mwa nyanja. Nditamaliza sukulu ndinapeza mwayi wokaphunzira mu labotale ina ku Blantyre, kumene amayesa zinthu zimene zingadzakhale mankhwala. Timatenga enzaimu, kanthu kamene kachilombo ka malungo kamadalira kuti kakhale moyo, n'kuidontheza m'timaenje ta kambale ka pulasitiki. Enzaimu ikamagwira ntchito madzi a m'timaenjemo amawala, ndipo makina amayesa kuwalako. Ukathiramo chinthu kuwala n'kuzilala, ndiye kuti mwina chinthucho chaimanga manja enzaimuyo.

Pa tchuthi ndinawafotokozera zimenezi azakhali anga, amene tili ana ankatimwetsa ufa wowawa wa mizu thupi likatentha. Anaseka mpaka kutsokomola. "Kani mankhwala mukuwasaka ndi nyali ngati usipa?"

Ndinawapempha ufawo kuti ndikauyese, ndipo anandithirira m'kabotolo. Koma dzina la mtengo anandimana. Mwambo wawo unali woti dzina lotere silitchulidwa pakhomo, umalimva utaima patsinde pake. "Mawa tikwere phiri, mwana wanga, ukauone wekha," anatero. Koma mawalo linali tsiku la boti loti ndiyambire ulendo wobwerera ku Blantyre. Ndinayang'ana kutalika kwa phirilo, ndinayang'ananso nsapato zanga zam'tauni, n'kuwauza kuti tidzakwera pa Khirisimasi.

Ku Blantyre aphunzitsi anandilola kuyesa ufawo. Abale inu, kuwala kunazilala! Ndinatsala pang'ono kululutira mu labotale. Aphunzitsi anandiuza kuti ndisafulumire kuvina, poti mtundu woderako wa madzi a mizu ukhoza kungophimba kuwala popanda kugwira enzaimu. Panafunika kuyesa kwina, koona ngati chinthucho chikumamatiradi pa enzaimuyo. Pa zimenezo anafuna mizu yatsopano, masamba ake ndi dzina la mtengo. M'kabotolo munali mutangotsala fungo.

Nditaimba foni kumudzi, msuweni wanga anandiuza kuti azakhali achita sitiroko.

Ali moyo. Amakhala pakhonde, ndipo akandiona nkhope yawo imawala. Koma mawu satuluka, miyendo siyenda, ndipo kulemba sanaphunzire. Ana awo mtengowo saudziwa, nawonso ankati adzakwera tsiku lina. Ine ndinakwera ndekha, minga ikunding'amba, n'kuthyola masamba a mtengo uliwonse umene ndinauganizira. Ndinawayala pachitenje chawo. Anawatembenuza limodzilimodzi ndi dzanja lawo lamoyo, akupukusa mutu, misozi ili chuchuchu.

Sindikunena kuti ufawo ukanakhala mankhwala a malungo. Mwina aphunzitsi ankanena zoona, unali mtundu chabe. Chondipweteka n'choti sindidzadziwa. Ndipo kunena zoona, chimene ndimachilakalaka koposa si yankho la makina ayi. Ndi ulendo umene sitinayende, iwo patsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndikupumira m'mwamba, akundinena ulesi.

Inu amene muli pa maphunziro otere, luso la labotale lidzakudikirani, koma munthu sadikira. Wamkulu akakuuzani kuti tiye ukaone, vulani nsapato zabwinozo mupite tsiku lomwelo.

Ulendo wapitawu ndinagwada pafupi ndi azakhali n'kuwapempha kuti angondilozera mbali imene kuli mtengowo. Anandigwira pamkono mwamphamvu, n'kuloza ndi chibwano kuphiri. Ndinatembenuka kuyang'ana. Phiri lonse ndi mitengo yokhayokha.